Nsambo za flat pa besi: ndigule kapena ndikhalebe pa ma round?

NsamboZinayi
Moni nonse akuluakulu. Ndimaimba besi kutchalitchi kwathu ku Area 25, ndipo nthawi zina ndimathandizanso anyamata a reggae akapeza poimba. Gitala yanga ndi ya nsambo zinayi, yooneka ngati Precision koma si Fender yeniyeni, ndinachita kugula kwa munthu. Vuto langa ndi nsambo. Ma round amene ndimapeza mutauni muno amalira bwino poyamba pokha, kenako amazima, ndipo akagwira dzimbiri zala zimatupa. Komanso a pa mikisa amadandaula kuti ndikamasuntha dzanja pakhosi pa gitala pamamveka kukwecha m'masipika, makamaka pa nyimbo zachifatse. Mlamu wanga akubwera kuchokera ku Joni mwezi wamawa, ndiye ndikuganiza zomutuma ma flatwound. Sindinawagwirepo, ndangomva kuti amakhalitsa koma ndi odula. Kodi ndi oyeneradi ndalama zake? Nanga ndimuuze kuti agule ati, poti iyeyo za magitala sadziwa chilichonse?

Sebene_Boy
Musataye ndalama akulu. Ma flat ndi a madala. Besi imamveka ngati mwaifunditsa bulangete.

Rasta_wa_Chileka
@Sebene_Boy kulira kumene mukukunyozako ndi kumene ife timakufuna. Kamvereni besi ya Aston Barrett, Family Man uja wa The Wailers. Ankaimba Fender Jazz ya ma flat, ndipo palibe ananenapo kuti besi yake sikumveka. Pa reggae besi iyenera kukugunda pachifuwa. @NsamboZinayi gulani, simudzanong'oneza bondo.

Mmisiri_wa_Magitala
Tiyambe tamvetsa kusiyana kwake, kuti mlamu wanuyo mumutume chinthu chimene mukuchidziwa.

Nsambo iliyonse ya besi ili ndi waya wapakati, ndiye pamwamba pake amakulungapo waya wina. Pa ma round waya wokulungawo ndi wobulungira, n'chifukwa chake mukayendetsapo chikhadabo mumamva timizeremizere. M'timipata timeneto ndi mmene mumalowa thukuta, fumbi ndi litsiro la m'manja, ndipo tikadzaza nsambo imafa. Kukwecha kumene a pa mikisa akudandaulako kumachokeranso pomwepo, chala chikamakhula timizereto. Pa ma flat waya wokulungawo ndi wophwatalala, amaukulunga mothinana kenako n'kuupala mpaka usalale. Litsiro lilibe polowera, chala chimangotsetsereka, ndipo ma fret, tizitsulo topingasa pakhosi tija, sadyeka msanga.

Zoti ndi za madala zili ndi choona chake. Fender Precision itatuluka mu 1951 inkabwera ndi ma flat, ndipo kwa zaka zambiri nsambo za besi zinali zomwezo basi. Ma round anadzatchuka kuyambira mu 1966 pamene a Rotosound ku England anatulutsa Swing Bass mogwirizana ndi John Entwistle wa The Who, amene ankafuna besi yolira mokweza ngati piyano. Choncho besi imene mumamva mu nyimbo za Motown, ya James Jamerson, ndi ya ma flat. Ya Duck Dunn ku Stax chimodzimodzi.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa ndi gitala yanuyo. Ma flat ambiri ndi olimba kuposa ma round a saizi yomweyo, ndipo ena amakoka khosi mwamphamvu. Magitala otchipa amene anthu amabwera nawo kwa ine, ambiri khosi lake ndi la thabwa lofewa. Ukaikapo nsambo zokoka kwambiri khosi limapindika, nsambo zimakwera kutali ndi ma fret, munthu n'kuyamba kunena kuti ma flat ndi opweteka pamene vuto ndi khosi. Musanatume munthu, yambani mwaona ngati truss rod yanu, chitsulo cha mkati mwa khosi chimene chimaliwongola, ikugwira ntchito.

NsamboZinayi
Zikomo kwambiri bambo. Truss rod sindinaigwirepo chigulireni gitalayi. Ndiiona bwanji?

Mmisiri_wa_Magitala
Tchunani gitala bwinobwino. Dinikizani nsambo yaikulu ya E pa fret yoyamba ndi dzanja lamanzere, ndipo ndi lamanja idinikizeni pa fret yomaliza. Kenako yang'anani pakati, cha pa fret ya 7 kapena 8. Payenera kutsala kampata kakang'ono koti kakhadi ka mayunitsi kalowe mokhula pang'ono. Ngati pakulowa makhadi awiri kapena atatu, khosi lapinda kale. Pezani Allen key yokwana ndendende, osati yogwedera, chifukwa mukadya mutu wa nati ya truss rod ntchito yakula. Masulani nsambo pang'ono, tembenuzani natiyo kumanja kota imodzi yokha, tchunaninso, muisiye igone, mawa muonenso. Ikakana kutembenuka musaikakamize. Ngati ikutembenuka ndipo khosi likumvera, ma flat apakatikati sakuvutani.

SaundiMan_Kawale
Ine ndilankhule ngati munthu wa pa mikisa, poti ndife tikudandaulawo. Matchalitchi athu ambiri ndi a malata pamwamba, simenti pansi, makoma opanda kanthu. Mawu apansi amazungulira m'chipindamo osatha. Woimba besi akabwera ndi ma flat n'kutsekanso tone yonse, kuwonjezera bass pa ampu, chimene mpingo umamva ndi kung'ung'uza basi, noti sizisiyanitsika. Ndiye wa kiyibodi nayenso dzanja lamanzere lili pansi pomwepo. Amene amavutika ndi kwaya, chifukwa samva pomwe nyimbo ikupita.

E yotsegula pa besi ili cha pa 41 Hz. Masipika ambiri amene tili nawo safika bwino pamenepo, ndipo foni imene anthu amaonera mapemphero pa Facebook ndiye siyesa n'komwe. Chimene khutu limagwira ndi mawu apakati. Choncho mukaika ma flat, tone isiyeni yotsegula mwina theka kapena kuposa, bass pa ampu muchepetse, mukweze ma mid cha pakati pa 400 ndi 800 Hz. Mukatero ma flat amakhala bwino kwambiri ndi kiki, ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi ija, chifukwa noti imagunda n'kuchoka msanga, siichedwa mumpweya. Kukwecha kuja kumatheratu. Ine woimba wa ma flat wodziwa kutchuna ampu yake ndimamulandira ndi manja awiri.

Sebene_Boy
Nanga akafika pa matamando othamanga? Masiku ano praise team iliyonse imafuna slap, kumenya nsambo ndi chala chachikulu kuja, penapake. Kaslapeni ma flat mumve. Komanso tamverani mmene Alick Macheso amayendetsera besi pa sungura, kumtunda kwa khosi, noti iliyonse ikuthwanima. Kuimba kotero kumafuna nsambo zowala. Sebene ndi chimodzimodzi. Ife kuno sitiimba Motown.

Nachisale_Leeds
Achimwene @Sebene_Boy pa slap mukunena zoona, sindikutsutsani. Chala chachikulu chikamenya ma flat simutuluka kuthetheka kuja. Koma mwafunsa kuti mwini funsoyu amaslapa kangati pa Sabata? Iye watchula nyimbo zachifatse ndi reggae.

Ine ndimaimba mumpingo wa Amalawi ndi a ku Zambia kuno, ndipo ndili ndi Thomastik-Infeld Jazz Flats, za ku Vienna, seti imene amailemba JF344. Saizi zake ndi 43, 56, 70 ndi 100, nambala ikakula ndiye kuti nsambo ndi yonenepa. Izi ndi zosiyana kwambiri ndi zimene a Mmisiri akuchenjeza, chifukwa ndi zofewa kuposa ngakhale ma round ambiri. Ndinazisankha chifukwa dzanja langa ndi laling'ono ndipo mapemphero athu amatenga nthawi yaitali. Mawu ake ali ndi ma mid ambiri, zimene a SaundiMan akufunazo. Zakhala pagitala yanga zaka ndithu ndipo sindikuona chifukwa chozichotsera. Kuipa kwake ndi kuwiri: mtengo ndi wokwera zedi, komanso ngati muli ndi dzanja lolemera zimamenya ma fret n'kumachita phokoso, zimafuna kuzisisita. Pa gitala ya khosi lokayikitsa ndi zabwino chifukwa sizikoka kwambiri.

Rasta_wa_Chileka
Achemwali, zofewazo pa reggae ayi. Nsambo iyenera kukubwezera chala. La Bella basi.

Mmisiri_wa_Magitala
La Bella zilipo zamitundumitundu, tisangotchula dzina. Deep Talkin' Bass 760FL ndi 43 mpaka 104, 760FS ndi 45 mpaka 105, ndipo zimene anthu amati za Jamerson ndi 52 mpaka 110. Zomalizazi ndi zimene sindingalole kuti ziikidwe pa gitala imene sitikudziwa khosi lake. Jamerson mwiniwake ankaimba nsambo zili kutali ndi ma fret, ndi chala chimodzi, poti anachokera ku besi yaikulu yoimirira ija. Dzanja lake si la aliyense. Komanso 110 mwina siingalowe pa nut yanu, kachidutswa ka mipata kamene nsambo zimadutsapo kumutu kwa khosi, popanda kukuza mpata, ndipo mukakuza n'kudzafuna kubwerera ku nsambo zazing'ono zizidzagwedera.

Chitsulo_Cholemera
Amene mukuti ma flat ndi ozima kamvereni Steve Harris wa Iron Maiden. Amaimba ma flat a Rotosound, ali ndi seti ya dzina lake, 50 mpaka 110, ndipo besi yake imamveka pamwamba pa magitala onse aja.

Sebene_Boy
Ameneyo amasintha nsambo pafupipafupi zisanazime. Mnzathuyu akufuna seti imodzi yoti akhale nayo zaka. Si nkhani imodzi.

Chitsulo_Cholemera
Pamenepo mwanena zoona. Koma mfundo yanga ndi yoti ma flat atsopano amawala ndithu, ndipo ena amapangidwa kuti akhalebe owala. Ernie Ball ali ndi ma flat a cobalt amene amamveka pafupi ndi ma round. D'Addario Chromes nazonso zimayamba zowala.

Mjoni_wa_Mayfair
Ndikuthandizeni mbali ya kogula, poti ndili konkuno ku Joni. M'mashopu a zida zoimbira amene ndimapitako, ma flat amene ndimawapeza msanga ndi Chromes, nthawi zina Fender 9050 kapena Rotosound 77. La Bella ndi Thomastik kawirikawiri amachita kukuitanitsira, ndiye ngati mlamu wanu watsala ndi masabata ochepa ayambe kufunsa lero. Musamuuze kuti "ma flat a besi" basi, adzakubweretserani za gitala wamba kapena za nsambo zisanu. Mutumizireni chithunzi cha paketi pa WhatsApp ndi nambala yake. Chromes za 45 mpaka 100 ndi ECB81, za 50 mpaka 105 ndi ECB82. Agule m'shopu yeniyeni ndipo atenge lisiti. Pa intaneti pali nsambo zachinyengo zambiri zoikidwa m'mapaketi a mayina odziwika, mtengo ukatsika modabwitsa muzikayikira.

Mphepo_ya_Mwera
Ine ndili kunyanja kuno ku Nkhata Bay. Chinyezi chathu ma round sachedwa kuchita dzimbiri, makamaka nyengo yamvula. Chimene timachita ndi kuwawiritsa. Mumachotsa, kukulunga, kuika mumphika wa madzi owira kwa mphindi zingapo, kupukuta n'kuyanika padzuwa mpaka aumiretu. Amadzukanso ndithu.

KwayaYaMawa
Kuwiritsa kumathandiza kanthawi kochepa. Kawiri katatu nsambo imaduka pa bridge, chitsulo chogwira nsambo pathupi la gitala, ndipo imasankha kuduka pakati pa ukwati. Ine ndimaviika mu spiriti usiku wonse, poti madzi amasiya dzimbiri mkati.

Mphepo_ya_Mwera
Spiriti ndi ndalamanso. Nkhuni tili nazo kale.

Gogo_Babatoni
Ana inu mukukangana za nsambo za ku Vienna. Ife tinaphunzira besi pa babatoni, bokosi la chikopa, mtengo wautali ndi nsambo imodzi, ndipo anthu ankavina mpaka fumbi koboo. Lero Madalitso Band yazungulira nayo maiko a ku Ulaya babatoni yomweyo. Chimene ndikuona ine n'chakuti kulira kumene a Rasta akufunako, kugunda kwakufupi kolemera, makutu athu anakuzolowera kalekale. Besi yamagetsi itabwera m'mabandi athu tinkaifuna ilire choncho, ena tinkalowetsa kachidutswa ka siponji pansi pa nsambo pafupi ndi bridge.

Nachisale_Leeds
Agogo, siponjiyo ndi nzeru yeniyeni. Ma Precision akale ankabwera ndi siponji pansi pa chivundikiro cha bridge, ndipo Carol Kaye ku Los Angeles ankaimba ma flat ndi pick atatsekereza nsambo kuti zisalire nthawi yaitali. @NsamboZinayi mungayese Sabata likubwerali pa ma round anu akufawo. Dulani kasiponji kotsukira mbale, kalowetseni pansi pa nsambo pafupi ndi bridge, kasathine kwambiri. Si ma flat enieni, kukwecha kukhalapobe, koma mumva mbali imene mukulowera. Mukaona kuti simukukonda, ndalama za mlamu zapulumuka.

Woyang'anira_Gulu
Za kuwiritsa ndi za babatoni titsegulire mutu wakewake, ndi nkhani zabwino. Pano tithandize mnzathuyu asankhe.

NsamboZinayi
Ndayesa zimene a Mmisiri ananena. Mpata unali waukulu pang'ono, ndatembenuza kota imodzi, lero khadi likulowa mokhula. Ndiye truss rod ili moyo. Siponji ndayesanso pa pulakatisi ya kwaya, mayi wotsogolera nyimbo anatembenuka n'kufunsa ngati ndabwereka gitala ina, akuti mawu a anthu akumveka bwino. Slap ndimachita mwa apo ndi apo, ndingathe kukhala osachita. Funso lina: pa mapaketi ndikuona polembedwa short, medium, long, super long. Zimenezi ndiye ziti?

Mmisiri_wa_Magitala
Funso limeneli ndi lofunika kuposa la dzina la kampani, ndipo ambiri amagwa pomwepa. Tengani tepi muyeze kuchokera pa nut kufika pa fret ya 12, muchulukitse kawiri. Mukapeza mainchesi 34, pafupifupi masentimita 86, gitala yanu ndi long scale, ndipo ma Precision ndi ma Jazz ambiri ali choncho. Mainchesi 30 ndi short scale, ngati Höfner ya Paul McCartney. 32 ndi medium. 35 imapezeka kwambiri pa magitala a nsambo zisanu.

Chifukwa chake n'chakuti kumapeto kwa nsambo kuli mbali yopyapyala yokutidwa ndi ulusi. Mbali imeneyo ndi imene iyenera kuzungulira pa chomangira. Ma round amakhululuka, mbali yonenepa ikazungulira pang'ono sizivuta kwenikweni. Ma flat ayi. Waya wophwatalala uja ukapindidwa mozungulira kachitsulo kakang'ono umatseguka, ndipo E ikhoza kuduka tsiku loikalo. Nsambo ikafupikanso, ulusi umagwera pa nut kapena kulowa pa fret yoyamba, noti n'kumamveka yakufa. Ndiye yezaninso nsambo yanu ya E kuchokera pa kampira ka kumapeto kufika pa nut, ndi kufika pa chomangira chake. Makampani ambiri amalemba utali umenewu, mufananize.

Chachiwiri, tembenuzani gitala muone kumbuyo. Ngati nsambo zimalowera kumsana kwa gitala n'kutulukira pa bridge, zimapindika kwambiri pamenepo. A La Bella amachenjeza okha kuti ma flat awo wamba asadutsitsidwe m'thupi la gitala, ali ndi seti yapadera ya zimenezo. Ngati bridge yanu ili ndi mabowo kumbuyo kwake olowetsera nsambo pamwamba, gwiritsani amenewo.

NsamboZinayi
Ndayeza, ndi 34. Nsambo zimalowera pa bridge pomwepo, kumsana kulibe mabowo.

ChipataBass
Palibe watchula ma tapewound, akuda aja okutidwa ndi nayiloni. Ndi ofewa pa zala kuposa onsewa, dzimbiri silifika, ndipo amamveka pafupi ndi besi yoimirira. Ine pa nyimbo za kwaya ndimakonda amenewo.

SaundiMan_Kawale
Ndi abwino, koma onani kaye mawaya a magetsi a kutchalitchi kwanu. Nayiloni sidutsa magetsi. Pa nsambo zachitsulo, ukagwira nsambo kulira kwa "zzzz" kuja kumachepa. Pa ma tapewound kumakhalabe ngakhale wagwira. Malo amene earth ndi yokayikitsa, kapena pa jenereta, phokoso limenelo lidzakusowetsani mtendere. Komanso ndi onenepa, E imafika 115, nkhani ya nut ija yabweranso.

ChipataBass
Kwathu phokosolo lilipodi, ndimangochepetsa tone. Sindinadziwe kuti nsambo zikuthandizira.

Sebene_Boy
Ine ndikuonabe kuti munthu wa gitala imodzi asadzitsekere njira. Mawa akakuitanani ku ukwati kuti muimbe rhumba mudzatani? Pali ma half round, amene ndi ma round opalidwa pamwamba. Bwanji osayamba ndi amenewo?

Nachisale_Leeds
Ndinawayesapo pa gitala ya mnzanga. Kwa ine amamata zala, ndipo amafabe ngati ma round chifukwa timipata tilipobe. Ngati cholinga ndi kusiya kugula nsambo kawirikawiri, sathetsa vutolo. Rhumba pa ma flat imaimbika, imbirani pafupi ndi bridge, tone yonse yotsegula. Siithwanima ngati ya achimwene Sebene, koma anthu avina.

NsamboZinayi
Ndamva mbali zonse, zikomo. Thomastik ndazisirira koma thumba silikulola, komanso nthawi yoitanitsa palibe. Ndamutumizira mlamu chithunzi cha Chromes ECB81, long scale. Ndaona kuti 45 mpaka 100 sizivutitsa khosi, zilowa pa nut mmene ilili, ndipo zili ndi kuwala pang'ono koti a Sebene asandithamangitse pa ukwati.

Rasta_wa_Chileka
E ya 100 pa reggae ndi yopepuka. Mukanatenga za 105. Koma yambani ndi zimenezo, chaka chamawa tidzakambirananso.

Mmisiri_wa_Magitala
Mwasankha bwino malinga ndi gitala yanu. Zikafika, musaweruze tsiku loyamba. Zatsopano zimakhala ndi kulira kwachitsulo ndipo zimamata zala pang'ono, zimakhazikika pakapita masabata angapo mukuziimba. Zipukuteni ndi kansalu konyowetsa spiriti musanaike, muona zakuda zikuchoka, ndi zotsalira za kufakitale. Sinthani imodziimodzi kuti khosi lisadzidzimuke. Podula, yezani kuti nsambo ipitirire chomangira chake ndi masentimita 7 kapena 8, ipindeni kaye pamenepo, kenako mudule kupitirira popindapo, kuti zokulunga zisamasuke. Musaipotokole poika. Mukatchuna, dinikizani nsambo iliyonse ndi chala pamene yadutsa pa saddle, kachitsulo ka pa bridge kamene imakhalapo, kuti igone bwino, poti ma flat ndi ouma sagona okha. Kenako muonenso mpata wa khadi uja pakapita masiku awiri, ndipo muyerekeze noti ya pa fret ya 12 ndi yotsegula pa tuner. Ikakwera, bwezani saddle kumbuyo. Ma flat musawawiritse, kupukuta ndi nsalu youma mukamaliza kuimba n'kokwanira. Ma round akalewo musataye, sungani m'chikwama, tsiku lina adzapulumutsa mnzanu.

Mphepo_ya_Mwera
@NsamboZinayi mlamu wanuyo sangandinyamulireko seti imodzi? Ngati ndi za stainless ndikufuna ndione mmene zingapiririre chinyezi cha kuno. Yanga ndi ya nsambo zisanu.

Mjoni_wa_Mayfair
Chromes ndi za stainless. Koma yezani kaye gitala yanu, za nsambo zisanu zina ndi 35, ndiye long scale wamba ikhoza kufupika pa B, nsambo yonenepa kwambiri ija.

NsamboZinayi
@Mphepo_ya_Mwera yezani mundiuze kumbali pofika Lachisanu, ndimufunse ngati m'chikwama muli malo. Akuti kushopu apita Loweruka m'mawa.